Fyuluta Yatsopano ya Achemwali

— Halo?

— Halo, achimwene? Mukundimva?

— Ndikukumvani, achemwali. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, kaya inu?

— Ndaswera. Alamu ali bwanji?

— Alipo, koma bondo lija. Akamadzuka pampando nyumba yonse imadziwa. Nanga mlamu wanga ndi ana?

— Onse ali bwino. Wamng'ono uja wayamba mayeso.

— Ee, akula anawa. Koma mwasowatu, achimwene.

— Ndilipo. Nambala ndi yomweyi.

— Mawu anu akumveka ngati muli mumgolo.

— Ndili pansi pa sinki kwa kasitomala, paipi ikudontha. Nenani, dzanja lina lagwira sipanala.

— Sindichedwa, mayunitsi anganso ndi ochepa. Ndili m'sitolo muno, ndikufuna kugula fyuluta ya madzi akumwa. Zilipo zambirimbiri, mutu wanga wazungulira.

— Ndiye mwaimbira ine?

— Nanga pulambala pabanja pathu ndi ndani?

— Ndimayesa pulambala wa pabanja panu munamuchotsa ntchito. Patha miyezi itatu palibe wandifunsa za madzi.

— Zisiyeni kaye zimenezo. Wogulitsa waima pafupi, akundiyang'ana ngati ndamubera.

— Chabwino. Mwaona zotani?

— Yoyamba ndi kajagi. Kokongola bwanji! Kali ndi chivindikiro chobiriwira, kamalowanso mufiriji.

— Kasiyeni. Kameneko kamangochotsa fungo la mankhwala m'madzi apampopi. Majeremusi amadutsamo akuimba likhweru.

— Koma wogulitsayu akuti...

— Wogulitsayo sadzamwa nawo. Ina?

— Ina ndi yamagetsi. Yoyera mbee, yopachika pakhoma. Akuti mkati muli getsi lopha majeremusi onse. Imalira nyimbo madzi akayamba kutuluka.

— Magetsi akazima mudzamwa nyimboyo?

— Achimwene, ndikufunsa zenizeni.

— Inenso ndikuyankha zenizeni. Madzi anu mukutungabe kuti?

— Pampopi. Mpopi ukauma timatunga pachitsime chakuseri chija.

— Umauma kangati?

— Sabata ino wauma masiku atatu.

— Ndipo mvula ikagwa madzi apachitsimepo amafiira.

— Amafiirako pang'ono.

— Ndiye mverani. Getsi limenelo limagwira ntchito m'madzi oyera kale. Madzi akakhala a matope, majeremusi amabisala kuseri kwa dothi, getsi silikuwaona. Komanso makinawo amafuna paipi yokhala ndi mphamvu. Madzi a m'ndowa simungathiremo.

— Halo? Mwati chiyani? Mawu akudukaduka.

— Ndati madzi a m'ndowa simungathiremo! Dikirani nditulutse mutu pansi pano. Pano bwanji?

— Eya, pano ndikukumvani. Ilinso ina ya mabotolo atatu, yoika pansi pa sinki.

— Ndi yabwino kwa anthu amene mpopi wawo suuma. Inu mudzaiyang'ana masiku atatu pa sabata muli ndi ludzu. Ya ndowa ziwiri zosanjikiza ilipo? Ya kandulo yadothi yosefera madzi mkati?

— Ilipo. Ili pamwamba pa shelefu, yachita fumbi.

— Imeneyo ndiye yanu. Siifuna magetsi, siifuna paipi, madzi apachitsime imasefa.

— Imeneyo ayi.

— Bwanji?

— Ndi yofanana ndi yakale ija munatigulira.

— Ndikudziwa. Ndinakugulirani imeneyo chifukwa ndi imene ikuyenera nyumba yanu. Nyumbayo sinasinthe.

— Imachedwa, achimwene. Dontho, dontho, dontho. Munthu umatha kukalamba ukudikira kapu imodzi.

— Kuchedwako ndiye kusefako. Timabowo ta kandulo ndi tating'ono kwambiri, n'chifukwa chake majeremusi amatsalira kumtunda.

— Palibe ina yoti... yotsekedwa bwino? Yoti munthu sangafikitse dzanja mkati?

— Munthu wake uti? Mwakhala ndi ana ang'onoang'ono m'nyumbamo?

— Ayi, ndangofunsa.

— Achemwali, madzi akudonthera m'khosi mwanga kuno. Mukufuna yosefa madzi kapena yoonetsa alendo?

— Loweruka kukubwera mwana wanga, bambo a Kadona, ndi akazi awo. Akubwera ndi Kadona.

— Oo.

— Aka n'koyamba kuti mdzukulu wanga aponde pakhomo panga chitulukire m'chipatala. Apongozi anga, mayi a Kadona, anenetsa kuti aone kaye madzi amene timamwa. Akakhutira, mwanayo azigona kwa ife holide ino. Akapanda kukhutira, tizimuona pa zithunzi za pafoni.

— Akunena zoona. Mwana anagona masiku asanu ali pa diripi chifukwa chotsegula m'mimba. Inenso bwenzi nditatero.

— Akaona ndowa ziwiri zomwe zija adzatembenukira pakhomo pomwepo.

— Adzatero, chifukwa mwana wanu analemba pagulu la pafoni la banja lonse kuti malume anaika fyuluta yachinyengo. Anthu makumi atatu anawerenga. Awiri amene anandilonjeza ntchito anasiya kuyankha foni. Muphwa wanga yemweyo amene ndinamuphunzitsa kupalasa njinga tinakumana pamsewu, anayang'ana kumbali.

— Ndikudziwa.

— Ndinapempha kuti ndiione fyulutayo. Ngati inali yachinyengo, ndikanapita nayo kumene ndinagula. Munati munataya.

— Ndinatayadi.

— Tsiku lomwe mwana anagonekedwa. Changu chake chinandidabwitsa, inu amene mumasunga ngakhale mabotolo opanda zitsekerero.

— Iwe, tamvera. Dikira ndisunthe, wogulitsayu makutu ali tcheru... Ukundimva?

— Ndikumva.

— Fyuluta ija inalibe vuto.

— Pitirizani.

— Mwezi uja kunatentha kwambiri, m'nyumba munali anthu asanu ndi atatu. Aliyense madzi, madzi. Alamu ako madzi omwera mankhwala, Kadona akulira ndi kapu m'manja, ndowa yapansi ili gwa. Ndinatsuka kandulo ija ndi burashi monga unandiuzira, sizinasinthe kwenikweni. Ndiye ndinatenga msomali.

— Msomali.

— Ndinangoboola kabowo kamodzi, kakang'ono, m'munsi mwa kandulo. Madzi anayamba kutsika bwinobwino. Ankaoneka oyera ndithu, ndinkawayang'ana pa dzuwa. Ndinkadziona wochenjera.

— Wa mainchesi angati?

— Chiyani?

— Msomaliwo.

— Ukufunsa chiyani iwe? Ine ndikukuuza chinthu chimene chandidya miyezi itatu!

— Ndikufuna ndidziwe kukula kwa khomo limene munawatsegulira majeremusi. Munamwa choncho nthawi yaitali bwanji?

— Masabata asanu ndi limodzi. Akuluakulufe m'mimba munkangotipota pang'ono, tinkati ndi zakudya. Kenako mwana uja anayamba.

— Alamu akudziwa?

— Palibe akudziwa. Ndiwe woyamba. Tsiku lija kuchipatala apongozi anga anafunsa kuti mwana amamwa madzi otani, ine ndinati osefa, a mufyuluta imene anaika malume. Mwana wanga anapsa mtima pomwepo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma nditaona kamkono ka Kadona kali ndi singano, mawu anakana. Mawa lake uthenga uja unali utalembedwa kale.

— Inu munauwerenga.

— Ndinauwerenga. Ndinachita manyazi, ndipo mpaka lero ndikuchita manyazi. Ndinakulakwira, mchimwene wanga. Pepa.

— Ndamva.

— Basi? Ndamva?

— Mukufuna ndilire pansi pa sinki ya eni ake? Ndamva. Tsopano mukufuna chiyani?

— Ndimati ndigule yamagetsiyi, iwe ubwere udzaipachike Loweruka m'mawa. Akaona chinthu chatsopano chowala, mitima idzakhala pansi. Zakale zija tizisiye zife zokha. Apongozi anga akadziwa kuti ndine, mwana uja sindidzamunyamulanso.

— Ndiye kuti dzina langa likhale momwemo.

— Kwa kanthawi chabe. Anthu amaiwala.

— Dzina langa lisiyeni kaye. Yamagetsiyo sindipachika.

— Chifukwa chokwiya?

— Chifukwa Lolemba mpopi udzauma. Makina anu adzakhala chete pakhoma, Kadona adzabwera ndi kapu, inu mudzatunga pachitsime. Mudzamupatsa chiyani?

— Ndingawiritse.

— Tsiku loyamba mudzawiritsa. Lachitatu, anthu asanu ndi atatu, kukutentha? Ndimakudziwani, munandilera ndinu. Funsani wogulitsayo ngati ya ndowa ziwiriyo ilipo ya makandulo atatu.

— Makandulo atatu?

— Tafunsani.

— Bambo, iyo yapamwambayo, ilipo ya makandulo atatu? ... Akuti ilipo, ili kuseri.

— Imeneyo imatsitsa madzi katatu kuposa yakale ija. Mukathira madzulo, m'mawa ndowa yadzaza. Ngakhale yakale ija inali ndi malo oikapo ena awiri, otsekedwa ndi timapulasitiki.

— Timapulasitiki tiwiri tija? Tinali ta zimenezo?

— Inali ntchito ya mphindi khumi. Mukanangoimba ngati mmene mwaimbiramu.

— Mayo ine.

— Muzitsuka ndi madzi okha ndi burashi yofewa, sopo ayi. Kandulo ikang'aluka, muchotse muike ina. Madzi akafiira kwambiri, ayambe akhala m'ndowa ina kuti dothi litsike.

— Koma iwe, sukumva? Apongozi anga akangoiona adzafunsa kuti bwanji mwagulanso yomwe inadwalitsa mwana. Adzafunsa iweyo, pamaso pa mwamuna wawo.

— Adzafunsadi.

— Udzati chiyani?

— Ine sindidzayambitsa nkhani. Ndidzabwera, ndidzamanga makandulo, ndidzathira madzi. Koma akandifunsa ngati fyuluta yamtunduwu imadwalitsa ana, sindidzanama. Mayi ayenera kudziwa chimene mwana wake akumwa.

— Ndiye wandipanikiza pakona.

— Sindinakupanikizeni. Yamagetsiyo ili pomwepo, apulambala ena aliponso ambiri. Ndalama ndi zanu, mdzukulu ndi wanu. ... Halo? Achemwali? Netiweki yathawa?

— Ndilipo.

— Mwini nyumba waima pakhomo la khitchini, akuyang'ana wotchi. Ndiyenera kubwerera pansi.

— Dikira. Bambo! Ayi, yoimba nyimboyo ibwezeni m'katoni. Nditengereni ya makandulo atatu ija. Eya, ya ndowa. Muipukute fumbi.

— Muone ngati makandulo onse ali athunthu musanatuluke.

— Ndiona. Iwe, iwowo akufika cha m'ma teni. Ubwere eyiti.

— Kumanga makandulo ndi mphindi khumi, ndanena kale.

— Sindikunena za makandulo. Ndiyamba kuuza alamu ako, kenako iwowo akafika ndidzawauza ndekha, asanakufunse. Ukhale pampando wapafupi, usalankhule kanthu. Ungokhalapo.

— Eyiti ndidzakhala nditafika.

— Akamutenga mwanayo n'kubwerera naye, iwe usandiuze kuti zikhala bwino.

— Sindidzakuuzani.

— Chabwino. Foni ikulira, mayunitsi atha. Upereke moni kwa mla...

— Halo? Achemwali?