Mbiri ya a Kingstone Semba, Amene Ankasunga Jakisoni wa Ana a ku Chirimba

Malemu amene tikuwaika m'manda lero dzina lawo ndi a Kingstone Zuze Semba. Anabadwa m'chaka cha 1979 kwa Tengani m'boma la Nsanje, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerengane ndine Hilda, mkazi wawo. Ndikudziwa kuti namfedwa sayimirira pagulu, amakhala pamphasa pakati pa amayi anzake. Mbiri ina inalembedwa kale ndi alamu anga a Godfrey, akulu awo a malemu. Ndinaimva dzulo. Ndi yabwino ndithu, Chizungu chili momwemo, koma matenda a mwana wathu sanatchulidwemo ngakhale kamodzi. Ndiye ndalemba yanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, pamene ndalakwitsa mundikhululukire, koma pepalali musandilande.

Malemu anaphunzira pulayimale kwawo komweko. Anasankhidwa kupita ku sekondale, koma analekezera Fomu 2 chifukwa madzi osefukira anatenga munda ndi mbuzi za bambo awo. M'chaka cha 1997 anabwera kuno ku Blantyre, nafikira kwa achibale ku Chitawira. Anaphunzira kukonza mafiriji kwa bambo wina ku Limbe, ndipo dzanja litakhwima anatsegula kashedi kawokawo pafupi ndi msika. Ntchito imeneyi aigwira mpaka tsiku limene anagwa.

Tinadziwana mu 2008, ine ndikugulitsa nthochi za kwathu ku Thyolo mumsika womwewo. Ankagula nthochi tsiku ndi tsiku. Ndinadzadziwa titalowa kale m'banja kuti munthuyu nthochi sankazikonda n'komwe, ankakapatsa anzawo kushedi. Tinamanga ukwati woyera ku tchalitchi cha Katolika mu 2010, n'kudzakhala kuno ku Chirimba m'nyumba ya lendi. Kwathu ku Thyolo kulibe zolowola, mwana ndi wa kwa amayi ake. Koma a kwawo kwa malemu anaumirira kuti mwambo wa Chisena utsatidwe. Amalume anga analandira malowolowo akuseka, ankaona ngati ndi mphatso chabe. Ine sanandifunse.

Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, Joan, mu 2012. Ndi uyo wakhala pafupi ndi bokosiyo.

Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Joan anayamba ludzu losatha. Kumwa madzi ngati ng'ombe, kukodza pafupipafupi, mpaka kuyambiranso kukodza pogona. Kudya ankadya koma akungoonda. Ku kachipatala kena anati ndi malungo, tinamwetsa mankhwala, osasintha. Tinabwereranso, malungo omwewo. Achibale anati mwana walodzedwa, ndipo ena mwa inu muli pano munatitumizira mizu. Tsiku lina anangoti lefu pakhonde, kupuma kuli befubefu, kumuitana osayankha. Anatithandiza ndi a Alidi, aneba athu oyendetsa minibasi. Anatsitsa anthu onse pasiteji, n'kutithamangitsira kuchipatala chachikulu. Kumeneko anatiuza kuti ndi shuga wa ana, uja thupi limasiya kupanga insulini, mankhwala amene aliyense amapanga yekha m'thupi kuti chakudya chigwire ntchito. Anati sachizika. Anati mwana adzabayidwa jakisoni m'mawa ndi madzulo moyo wake wonse, ndipo akasiya afa. Ine ndinkayesa shuga ndi matenda a mabwana onenepa. Malemu anatuluka panja n'kukalira atatsamira khoma. Kanali koyamba kuwaona akulira.

Anaphunzira kubaya pa lalanje. Kenako anadzibaya okha pantchafu ndi singano yopanda kanthu, ati amve zimene mwana azimva. Kenako anandiphunzitsa ine, iwo akundikalipira kuti ndisiye kutsinzina. Masiku oyambawo Joan ankathawira kunsi kwa bedi akaona singano, ndipo ankatiuza kuti ndife makolo oipa. Tinkamukoka miyendo. Amene simunakokepo mwana wanu miyendo kuti mumubaye, musandiuze kuti mukumvetsa.

Insulini safuna kutentha, akatenthedwa amatha mphamvu ngakhale botolo likuoneka labwinobwino. Kukiliniki ya shuga malemu anakumana ndi makolo ena a kuno ku Chirimba amene m'nyumba zawo mulibe magetsi. Wina ankasunga botolo m'chikwama, wina pamwamba pa kabati, pansi pa malata. Panali kamnyamata kena dzina lake Prince. Amayi ake ataona kuti akubaya koma mwana sakusintha, anapita naye kwa anthu ena a mapemphero, amene anawauza kuti ataye majakisoni, chikhulupiriro n'chokwanira. Prince anamwalira sabata lisanathe. Malemu anabwera kuchokera kumaliro amenewo, tsiku limenelo sanadye. M'mawa mwake anayamba kutola ziwalo za mafiriji akufa kushedi, n'kumanga firiji imodzi yamoyo. Anaiikira batire ndi sola kuti magetsi akazima isazime. Inakhala pabalaza pathu. Makolo anayamba kubweretsa mabotolo awo, lililonse lomatidwa pulasitala yolembedwa dzina la mwana. Sanalipiritsepo munthu. M'firiji imeneyo ngakhale madzi anga akumwa sankaloledwa.

Kuyambira pamenepo munthu uja anasintha. Anali wamanyazi, woti pa ukwati wathu analephera kuthokoza anthu, koma anayamba kupempha mpata kutchalitchi Misa ikatha kuti afotokoze zizindikiro za shuga wa ana. A Alidi anawatengera kumzikiti Lachisanu kuti akanene zomwezo. Chifukwa cha zimenezo achemwali awo a Alidi anazindikira msanga matenda a mwana wawo Shukri, ndipo lero ali moyo, ali pano. Joan atamenyedwa kusukulu ina chifukwa chodya bisiketi m'kalasi shuga atatsika, malemu sanakatukwane munthu, ngakhale ine ndinkafuna. Anayamba kuyenda m'masukulu kuuza aphunzitsi kuti mwana wotere akapempha kudya kapena kupita kuchimbudzi sakuchita mwano. Anasonkhanitsa makolo n'kupanga kagulu. Ankavala jekete lawo limodzi lija kupita m'maofesi m'tauni kukapempha kuti insulini ndi timapepala toyezera shuga zizipezeka m'zipatala zazing'ono. Ankakhala pabenchi tsiku lonse, n'kuuzidwa kuti abwana ali kumsonkhano, abwerenso. Ankabwereranso. Ana a m'misewu muno ankawaitana kuti Bambo a Shuga, iwo ankangoyankha.

Ndinene zoona pamaso pa bokosili. Ine zimenezi zinkandikwiyitsa. Tsiku lopita kumaofesi shedi inkakhala yotseka, ndipo kunyumba kunkagona njala. Ndinawafunsa kuti kodi ana a Chirimba yense anabereka ndi iwo? Anandiyankha kuti, "Amayi a Joan, kale ndinkangokonza zinthu zoti anthu aziziziritsira mowa. Ndisiyeni." Ndinawasiya. Ndikanatani?

Kumpingo anali Mkatolika wokhulupirika, wa mumphakati wa kuno kwathu. Kwaya anayesa koma anawapempha mwaulemu kuti azingothandiza kunyamula mabenchi. Ankanena kuti pemphero ndi jakisoni sizilimbana, upemphere uku ukubaya.

Malemu ankadwala BP. Anapatsidwa mapiritsi, koma munthu amene ankadziwa nthawi yobaya ya mwana aliyense m'dera lino, mapiritsi ake ankaiwala. Ndinalankhula mpaka kutopa. Sabata yathayi anagwa kushedi akunyamula injini ya firiji. Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Madokotala ndi anamwino anayesetsa, sindikuwadandaula. Mbali imodzi inafa, pakamwa panapotoka, mawu osatuluka. Ndikafika, ankandiyang'ana n'kudzigogoda pantchafu ndi dzanja lotsalalo. Kunali kufunsa ngati Joan wabaya. Ndikati wabaya, ankatseka maso. Anatisiya Lachitatu pa 16 Okotobala 2024, ali ndi zaka 45.

Mbiri ya alamu anga inathera pamenepa. Yanga ikupitirira pang'ono.

Lachinayi, ine ndili m'nyumba ndikulira, munthu wina anatsegula firiji ija, n'kutulutsa mabotolo onse a ana kuti aikemo zakumwa za alendo ochokera kumudzi. Mabotolowo anawasanja pawindo, padzuwa la mwezi uno. Anawapeza ndi Joan dzuwa litapendeka, akufuna kubaya. Anali otentha ngati tiyi. Mwana amene bambo ake ali kumotchale anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuuza makolo kuti asabaye mankhwalawo. A Alidi anasiyanso ntchito dzulo kutenga makolowo kukapempha ena kuchipatala. Sindikufunsa amene anachita. Iye akudzidziwa, ndipo zakumwazo munamwa zozizira.

Dzulo lomwelo achibale a malemu anakhala pansi, n'kundiitana. Alamu anga a Godfrey anati malowolo anaperekedwa, choncho Joan ndi wa kwa Semba, ndipo apita nawo ku Nsanje. Anati ine ndine wamng'ono, ndidzakwatiwanso, mwana wa m'bale wawo sangaleredwe pakhomo pa mwamuna wina. Anati firiji ndi zipangizo za kushedi ndi katundu wa m'bale wawo, zikwera nawo lole. Ndinawauza kuti kunyumba kwawo kulibe magetsi, chipatala chili kutali, ndipo Nsanje mukuidziwa nonse mmene imawotchera. Anandiyankha kuti awa ndi matenda a m'tauni, mwana akakadya zakumudzi achira, kubayabayaku n'kumene kwamufooketsa. Ndinagwada. Ine Hilda amene sindigwadira munthu, ndinagwada. Amalume anga amene analandira malowolo aja anamwalira kalekale. Azichimwene anga anali pomwepo, ankangoyang'ana pansi ngati ataya singano. Amfumu a dera lino anati ndi nkhani ya m'banja, sangailowerere. Ena andinong'oneza kuti kuli maofesi othandiza amayi amasiye. Ndamva. Maofesiwo atsegula Lolemba, lero ndi Loweruka, ndipo lole inyamuka mawa m'mawa.

Ndilibe mphamvu zotsekera lole. Nyumba ndi ya lendi, ntchito yanga ndi nthochi. Ndiye poti mwanayo mukumutenga, a Hannah, inu akazi a alamu anga, ndinu mayi mnzanga, ndipo amene muzikhala naye pakhomo ndinu. Dzutsani mutu mundimvere, ndinene pagulu pano kuti wina asadzati sanauzidwe.

Joan amadzibaya yekha, koma ndi mwana, akakhumudwa amanama kuti wabaya. Muziona ndi maso anu, m'mawa ndi madzulo, ndipo akabaya adye, asadikire kuti amuna anu abwere kaye kuchokera kumunda. Musamutume kudimba kapena kumjigo asanadye. Mukaona akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuyankha zosamveka kapena mwamwano, si mizimu ayi, shuga watsika. Mupatseni madzi a shuga kapena sobo pomwepo. Akakomoka musamuthire kanthu kukhosi, angatsamwe. Mupakeni shuga m'nkhama, mumugoneke chammbali, muthamange naye kuchipatala. Akayamba kusanza, ludzu, kupuma mothamanga, shuga wakwera. Musasiye jakisoni poti sakudya, ndipo musadikire kuti kuche bwino kapena kuti njinga ya kabaza ipezeke yotchipa. Botolo muliike m'kachitini kotseka, kachitiniko mukakwirire mumchenga wonyowa mumtsuko wadothi, mtsukowo pamthunzi, ndipo mchengawo usaume. Akadzicheka phazi musanyozere. Wina akabwera ndi mizu kapena kunena kuti wamupempherera wachira, mumuthokoze, koma jakisoni abaye. Mankhwala amene ali nawo afika kumapeto kwa mwezi uno basi. Akatha, palibe tsamba, palibe phala, palibe pemphero limene lingalowe m'malo mwake. Madzulo ano mubwere kuchipinda ndikuonetseni kayezedwe kake. Mukabwera sindikutukwanani.

Inu makolo a m'gulu la malemu, mukachoka kumanda kuno mudutsire kunyumba mutenge mabotolo a ana anu. Mawa firiji kulibe. Kumene mukasunge sindikudziwa, ndipo musandifunse, chifukwa amene ankadziwa mayankho ndi awa agona apawa.

Malemu a Kingstone Zuze Semba asiya mayi awo owabereka, amene alephera kubwera chifukwa cha miyendo. Asiya akulu awo a Godfrey, mlongo wawo mmodzi ndi ang'ono awo awiri. Asiya ine mkazi wawo, Hilda. Asiya ana a eni ake amene mayina awo ali pa pulasitala. Asiya mwana wawo mmodzi yekha, Joan, wa zaka 12, amene sanafunsidwe ndi aliyense kumene akufuna kukhala.

A Kingstone, bambo a Joan, m'mawa uno mwana wabaya. Za mawa sindingakulonjezeni.

Apumule mu mtendere.