Kalata Imene Inagona M'dirowa ya Kalaliki

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Naphiri wa ku Matero, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsalira pang'ono kuponyedwa panja ndi ana anayi, masiku a atsamunda aja.

Mwamuna wanga atamwalira, khonsolo inandipatsa pepala loti ndituluke m'nyumba. Ankati nyumba ndi ya mwamuna wogwira ntchito, mkazi wamasiye kwawo ndi kumudzi. Kumudzi kwake kuti? Ku Katete ndinachokako ndili kamtsikana, ndipo ana anga khasu ankangolimva dzina.

Kutchalitchi kwathu kunali Ba Tembo, bambo wachikulire amene kale ankamasulira kukhoti. Tikaweruka mapemphero ankatiphunzitsa malamulo pabwalo, ife gulu la amayi: za chitupa, za kalata ya ukwati, za nyumba. Iwo ndi amene anandiuza kuti pepala la khonsolo si chiweruzo, koma kuti ulitsutse pafunika loya. Anali atamva za bungwe lina lachifundo la kutsidya kwa nyanja, limene linkathandiza magulu ophunzitsa malamulo ndi kuwalipirira loya. Tinadzaza fomu yawo, n'kulembamo nkhani yanga.

Fomuyo inkafuna keyala. Ife a m'komboni tinalibe bokosi kupositi. Kalata zathu zinkadzera kwa munthu wogwira ntchito m'tauni, pabokosi la bwana wake. Ndiye tinapempha Ba Mwale, kalaliki wa pasitolo ina yaikulu, munthu wovala tayi ngakhale popita kuchimbudzi. Keyalayo anatipatsa ngati akutipatsa ng'ombe, ife n'kumaomba m'manja. Ndikakumbukira kuomba m'manja kuja ndimachita manyazi mpaka lero.

Masabata anapita, kuli zii. Ndikawafunsa, ankayankha maso ali panyuzipepala: "Mayi, bazungu ba kunja sibayankha vinthu va mu komboni. Yambani chabe kumanga katundu."

Ndinayambadi kumanga. Mbale ndinaziika m'thumba, mphasa ndinapinda, mtima uli wowawa. Ndinagwada pakati pa mitoloyo n'kunena kuti, Ambuye, ngati ine mwandiiwala, ana awa akulakwirani chiyani?

Yankho linabwera ndi munthu wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Ba Zulu, mesenjala wokalamba wa pasitolo yomweyo, anandipeza pamsika n'kundifunsa kuti, "Nanga ija kalata yanu ya sitampu yachilendo inakamba chani? Nine ninaitenga ku positi." Anandiuza kuti Ba Mwale anaiwerenga akutchula dzina langa n'kuitsekera m'dirowa, kenako anawatuma kukabwereka mipando, ati Loweruka kubwera mzungu wa zamalamulo kunyumba kwa Ba Mwale.

Loweruka lija tinapita, ine, Ba Tembo ndi amayi a gulu lathu. Zimene tinapeza zinali zoseketsa komanso zonyansa. Tebulo atayala nsalu, mabuku obwereka ataunjika, pakhomo atakhoma thabwa lolembedwa kuti ofesi, utoto usanaume n'komwe. Mayi wachizungu wotumidwa ndi bungwe lija anali atakhala pamenepo, Ba Mwale akumuuza kuti mphunzitsi wa malamulo ndi iwowo, ndipo mkazi wamasiye wa m'fomu uja anapita kale kumudzi. Wopita kumudziyo ndinalowa ndi mapazi anga awiri.

Ba Tembo anafotokoza kuti ndine yani. Mayi uja sanakalipe. Anangofunsa Ba Mwale kuti mkazi wamasiye wolandira pepala lotere amamuphunzitsa chiyani. Kalaliki wathu anatsokomola, anapukuta thukuta, n'kunena kuti ayenera kumvera boma. Chizungu chonse chija chinathera pamenepo.

Ndinaimirira ndipo ndinanena zimene ndinaphunzira pabwalo la tchalitchi, Ba Tembo akumasulira. Usadinde chala papepala limene sunalimvetse. Pepala la khonsolo usaling'ambe, ulisunge. Usatuluke m'nyumba khoti lisanaweruze. Amayi enawo ankandithandiza pamene ndaiwala. Mayi uja anatseka mabuku obwereka aja n'kutipempha kuti timuonetse pamene timaphunzirira.

Thandizo linabwera m'dzina la gulu lathu, podzera kwa abusa. Loya anayamba kubwera Loweruka lililonse, ndipo mlandu wanga ndiwo unali woyamba. Sizinali zapafupi, tinayenda kumaofesi mpaka nsapato kutha, koma khonsolo inalola kuti nyumba ilembedwe dzina langa.

Ba Mwale ndinawakhululukira poti Buku limatero, koma ulemu wokha ndinalephera. Munthu wofuna kudyera pamisozi ya ana amasiye, sukulu yake ndi yachabechabe. Mpaka kufa kwawo ankauza anzawo kumowa kuti loya anabwera naye ndi iwo, ife n'kumangowayang'ana.

Ndikuthokoza Mulungu amene analambalala wophunzira n'kutuma mesenjala wosadziwa kuwerenga. Inu amene mwapempha thandizo ndipo kuli chete, musafooke. Pempherani, koma mufunsenso kumene kalata yanu inafikira. Mitolo ija ndinaimasula ndi manja anga, ndipo ana anayi aja onse anakulira m'nyumba yomweyo.