Wodwala naye amakalipiridwa

Pamzere wolandira mankhwala kuchipatala, mayi wina anali kukalipira mwana wake wothothoka tsitsi chifukwa chopondaponda benchi. Bambo amene anaima kumbuyo kwake analephera kuugwira mtima.

"Mayi, chisoni mulibe? Mwanayu akudwala, aliyense akuona."

"Ndi khansa, bambo, si ufumu. Iwe, tsitsa miyendoyo!"

"Komabe muzimulankhula mofatsa."

"Mofatsa? Tinayesa kale zimenezo. Atangomupeza ndi matendawa, nyumba yonse inayamba kunong'ona. Akaswa kapu, bambo ake amati palibe kanthu. Akamenya mlongo wake, wopepesa ndi mlongo wakeyo. Azakhali ake akabwera amangomusisita mutu, misozi ili chuchuchu."

"Chimenecho ndiye chikondi."

"Chikondi chanji? Tsiku lina anathira inki pamalaya anga akuntchito, dala, ine ndikuona. Ndinangomwetulira ngati chitsiru. Ndiye anandifunsa kuti, 'Amayi, munasiya kundikalipira chifukwa ndimwalira?'"

"Mayo! Inu munamuyankha chiyani?"

"Ndinamukalipira mpaka aneba anamva, kenako ndinamuchapitsa malayawo. Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha zina."

Mzere unasuntha pang'ono.

"Wanga wagonekedwa kuchipinda cha ana," anatero bamboyo. "Dzulo analavula mankhwala akundiyang'ana m'maso. Ine ndinangopukuta."

"Ndiye mukudikira chiyani? Mukalandira mankhwalawo, mukamukalipire."

"Za dzulo? Ndikayambira pati?"

"Aa, bambo inu! Mwana akafunsa osayankhidwa, safunsa kamodzi. Mukapeza wakukonzerani kale china."