Nambala ya ku Ndola, Mawu Ochokera Kutali

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Kitwe. Migodi itagulitsidwa, amuna anga anachotsedwa ntchito, ndipo anati apeza ina ku Ndola. Kunyumba sanabwerenso, koma ankaimba Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi. Nambala inali ya ku Ndola, ndiye mtima unali m'malo.

Chomwe chinkandinyansa n'chakuti ndikafunsa kanthu, ankayamba akhala chete asanayankhe. Ine ndinkati pali mkazi.

Tsiku lina mng'ono wawo, yemwe amagwira ntchito muofesi, anamvetsera nawo. Nkhope yake inagwa.

"Alamu, sakukhala chete dala ayi," anatero. "Foni iyi ikudutsa pa intaneti. Mawu amaduladulidwa, n'kudzalumikizidwa akafika kuno, n'chifukwa chake akuchedwa. Nambalayi munthu amangosankha. Akhoza kukhala dziko lililonse."

Lamulungu lotsatira ndinafunsa mosapita m'mbali: "Bambo a ana, muli kuti?"

Kumbuyo kwawo mwamuna wina anakalipa m'chinenero chomwe sindinachimvepo. Amuna anga ananong'ona kuti, "Musauze ana." Foni inaduka. Apa ndinadziwa kuti sali ku Ndola, ali kudziko lachilendo ndipo sali pa ufulu.

Miyezi yonse ija ndinkachitira nsanje mkazi yemwe kulibe, m'malo mofunsa. Azimayi anzanga, musakhulupirire nambala. Mpaka lero, ndikachoka kutchalitchi ndimaika foni patebulo. Sikulira.