Thumba Lakuda pa Mota ya a Mphatso

Ine, Nilza Zacarias Mbewe, wa zaka 32, wa m'mudzi wa Kamphambe kufupi ndi Chidzolomondo, mlimi wa fodya komanso wogulitsa tomato pamsika, ndikupereka umboni uwu pa polisi ya ku Furancungo. Ndikunena za amuna anga a Mphatso, amene ali m'chitokosi muno kuyambira dzulo.

Alamu anga a Tiwonge, akulu awo a amuna anga, ndi mlonda pamalo ena ogona alendo ku Inhambane, kunyanja ya mchere. Sabata yatha anaimba telefoni kuti atitumizira thabwa pa lole imene imabwera ku Furancungo. Dzina lake akuti pulansha. Azungu amaimirirapo pamadzi atagwira thanga, mphepo n'kumawakankha. Ili ndi lakalekale, mwini wake analisiya, ndipo abwana awo anati alitaye. Ndinawafunsa kuti thabwa la panyanja kuno kumapiri ndi la chiyani. Iwo anati, "Muziyalapo tomato, alamu, silivunda ndi mvula." Ndikanadziwa ndikanakana.

Lachiwiri m'mawa a Mphatso anapita pa mota, njinga yawo yamoto, kukalitenga. Linali m'thumba lakuda la zipi, lalitali. Anandiuza kuti poyamba analimanga mopingasa kumbuyo, koma pachitunda mphepo inaliwomba mpaka anatsala pang'ono kugwera m'ngalande. Ndiye analimanga m'mbali mwa mota, mphuno kutsogolo, n'kumayenda pang'onopang'ono njira yonse. Anthu ambiri anawaona akudutsa pamsika choncho. Anafika kunyumba dzuwa litapendeka.

Thabwalo ndinalitulutsa m'thumba ndine. Ndi loyera koma lachita chikasu ndi ukalamba. Kutalika kwake ndi mametro awiri ndi theka kuposerapo, moti a Mphatso atagona pambali pake kunatsalabe mkono wathunthu. M'lifupi ndi laling'ono, tomato angakwanepo mizere itatu basi. Kumbuyo kuli malamba olowetsamo mapazi, pansi pali chipsepse ngati cha nsomba, pakati pali kamng'alu kozikapo mtengo wa thanga. Tinalikoleka pa sikelo ya fodya, linakwana makilo khumi. Ine ndinalinyamula ndi dzanja limodzi, nditagwira lamba. Kupepuka n'kopepuka, koma ndi lamwano. Mphepo ikangoti pang'ono, limakutembenuza iwe mwini wake. Polilowetsa m'nyumba mchira unagunda chitseko, mphuno inagwetsa ndowa, ndiye tinakaliika m'chigafa mwa fodya.

Lachiwiri lomwelo, Sheila, wa zaka 15, mwana wa anansi athu a Jacinta, anapita ku sukulu m'mawa ndipo sanabwere. Ine ndinamva madzulo, ndipo ndinathandiza kumufunafuna kumadimba mpaka mdima.

Lachitatu m'mawa a Jacinta anabwera kwathu ndi gulu la anthu. Sindinawawerenge, bwalo linadzaza. Kunali kutamveka kuti a Mphatso anaoneka ndi mtembo m'thumba, akuyenda pang'onopang'ono ngati a maliro. A Jacinta anati, "Amai a kwathu, mwana wanga ali kuti? Tsegulani chigafacho." Ndinatsegula. Ndinakoka thumba, kutsegula zipi pamaso pa onse, n'kunyamula thabwalo m'mwamba ndi dzanja limodzi. Ndinati, "Mtembo wa ndani umene mkazi anganyamule chonchi?" Ena anaseka. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha.

Kenaka bambo wina amene sindimudziwa dzina, wovala jekete yofiira, anati, "Thabwalo ndi chophimba m'maso. Dzulo munali munthu m'menemo." Ndinawaonetsa kuti thumbalo ndi lopyapyala, thabwa likalowa ngakhale nkhuku singakwanemo. Sanamve. Wina analoza malamba a mapazi n'kunena kuti ndi omangira manja a anthu. Wina anati kamng'alu ka pakati ndi kodutsira magazi. Chilichonse chimene ndinawaonetsa chinasanduka umboni wotitsutsa. Ndinakwiya, ndipo ndinawauza kuti mutu umene ukuona mtembo pa thabwa ndi wofunika ku chipatala. Mawu amenewo ndi anga, a Mphatso sanayankhe munthu aliyense.

Pamenepo miyala inayamba. Umodzi unawatema a Mphatso pamwamba pa diso lamanzere. Anathawira m'nyumba, ine ndinaima pakhomo. A Jacinta sanaponye mwala, izi mulembe. Anangokhala pansi pafupi ndi thabwalo akulira. Apolisi atafika anatenga a Mphatso, thabwa ndi thumba lake. Thabwa ndi thumbalo zili kuseri kwa ofesi ino. Amene akukayika akalinyamule yekha.

Lachiwiri lonse amuna anga anali panjira ya ku Furancungo. Woyendetsa lole anawathandiza kumanga thabwalo, ndipo a Tiwonge ali ndi nambala yake. Kumene kuli Sheila sindikudziwa. Mwanayo ndamuona akukula, ndipo ndikumudera nkhawa monga mai wake.

Lero m'mawa pobwera kuno, shapa, minibasi imene ndinakwera, inaima pamsika. Anyamata a mota, anzawo a amuna anga amene amadya nawo mbale imodzi, anandiona. Mmodzi anauza mnzake mokweza kuti ndimve, "Angotuluka, tionana naye." Kuyambira pamenepo ndili ndi mantha.

Ndinanyamuka kunyumba kuti ndidzapemphe kuti muwatulutse, chifukwa alibe mlandu. Tsopano ndikupempha zina, ashefi. Musawatulutse. Akhale m'chitokosi momwemo mpaka Sheila apezeke. Akafunsa chifukwa chake, muwauze kuti wapempha ndi mkazi wawo.

Zomwe ndikudziwa ndi zokhazi. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Siginecha ya mboni: Nilza Z. Mbewe