A Wanithu ndi Malipenga Asanu ndi Atatu Amene Anapsa

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1955, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa shopu yokonzera mawayilesi. Zimenezi sindinachite kumva, ndinalipo ndili ndi zaka zisanu, pakuti ine ndine msuweni wawo. Koma nkhani imene yandiimika pamaso panu lero, anamalira anzanga, anayamba kundiuza ndi a Giya, dalaivala amene wanyamula katundu wa malemu zaka makumi awiri. Anandiuza mwezi wathawu tili pa benchi ya chipatala. Ine mapazi anga sadziwa kukhala pansi, ndatola nkhani za alendo m'mabasi ndi m'madepoti zodzaza thumba, osadziwa kuti ya pakhomo pathu pomwe ndinali ndisanaimve. Mundilole ndiyambire poyambira.

Sukulu anayamba mu 1962 ndipo analekezera Folomu 2. Sanali mbuli ayi, kungoti ahedi anatopa ndi mwana womasula wayilesi ya mu ofesi kuti aone amene akulankhula m'katimo. Bambo awo, amalume anga, anati popeza manja akuyabwa, akayabwire ku shopu. Kumeneko anaphunzira kuwotcherera mawaya, ndipo mu 1976 analumikiza okha ampulifaya yawo yoyamba m'bokosi la matabwa, n'kumainyamula panjinga kupita nayo m'maukwati. Asanayambe mwambo uliwonse ankagogoda maiki n'kunena kuti, "Wani, thu, wani, thu." Dzina linachokera pamenepo. Mpaka aphunzitsi a ana awo ankalemba m'kaundula kuti mwana wa a Wanithu.

Mu 1981 anakaika zokuzira mawu m'holo yaitali pa msonkhano wa makwaya. Mwambo uli m'kati, kunabwera mtsikana kuchokera pa benchi yomalizira, n'kuwauza m'maso muli gwa kuti, "Achimwene, kumbuyo uku tikumva munthu kawiri. Ayamba kulankhula pa sipika ya pakhoma, kenaka abwereza ali kutsogolo, ngati munthu ndi mzukwa wake." Msuweni wanga anayamba kudziteteza. Anadziteteza miyezi isanu ndi inayi, mpaka anamanga ukwati pa 12 Disembala chaka chomwecho. Mtsikanayo ndi mayi athu akhala apawa. Kuchokera pamenepo malo awo anali benchi yomalizira, kampango m'manja. Akakweza kampango, ndiye kuti kumbuyo sikukumveka. Akakaika pamwendo, zonse zili bwino.

Dandaulo la mzukwa lija linakhala m'banjamo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Linatha mu 2003 pamene malemu anagula purosesa, kabokosi kafulati kokhala pakati pa mikisa yosakanizira mawu ndi maampulifaya. Ine sukulu yanga ndi yapakatikati, koma anandifotokozera kambirimbiri moti ndinaloweza. Ankati ampulifaya ndi chimphona chopanda nzeru: chimene wachipatsa chimakuza, kaya ndi nyimbo kaya ndi chifuwa cha abusa. Nzeru zili m'kabokosi. Kamagawa mawu patatu: ogunda pansi kamawatumiza ku masipika akuluakulu, apakati ku apakati, osongoka ku timalipenga ta pamwamba, gulu lililonse ndi ampulifaya yake. Kamadula kulira kwa tswii kuja kotseketsa anthu m'makutu. Masipika a kumbuyo kamawachedwetsa pang'ono, kosafika kuphethira kwa diso, kuti adikire mawu ochokera kutsogolo, afike pa khutu limodzi. Malemu ankayeza holo ndi mapazi, akuwerenga chamumtima, ndipo ukawalonjera pakati pa holo ankabwerera kukayambiranso, akukuyang'ana ndi diso loipa. Tsiku limene mzukwa unatha, mayi anangoti, "Chimodzi mwakonza. Zatsala zinazo."

Koma chachikulu chimene kabokosiko kamachita ndi kuika malire. Kamauza chimphona chija kuti mphamvu zako zithere apa, ukapitirira uotcha masipika. Malire amenewo malemu ankawakhoma ndi nambala yachinsinsi, kuopa oimba ndi alaliki amene mawu sawakwana. Anali ndi malamulo enanso. Poyatsa, ampulifaya ikhale yomalizira. Pozimitsa, ikhale yoyamba. Ndipo sankakhulupirira timagetsi ta pa makina tokha. Ankayenda sipika ndi sipika n'kuika chikhatho pa bokosi, ati dzanja limamva zimene khutu laphonya.

Nambala ija ankaidziwa anthu awiri: iwo ndi mwana wawo wachisamba, wobadwa mu 1983, amene anawerenga buku lonse la kabokosiko bambo ake akungoona zithunzi. Amene munagwira naye ntchito mukudziwa kuti anaposa bambo ake, ndipo bambo akewo ankanyadira, ngakhale pakamwa ankangoti, "Akuyesera."

Tsopano ndafika pa Loweruka la 21 Novembala 2015. Ambiri mwa inu tsikuli mukulikumbuka. Kunali mwambo wopereka masatifiketi pa bwalo lalikulu, dzuwa lili paliwombo. Akuitana mayina, malipenga asanu ndi atatu a mawu osongoka aja anapsa nthawi imodzi. Kunatsala kugunda kokha ngati munthu akulankhula m'mgolo. Makolo amene anayenda mitunda sanamve mayina a ana awo. Akuluakulu a mwambo atabwera ndi ukali, mwana wachisambayu anaima patsogolo n'kunena kuti, "Ndine ndinasuntha malire. Bambo sakudziwapo kanthu." Kuchokera tsikulo anthu anamupatsa dzina la Kaotcha. Panalibe holo, bandi kapena mpingo wofuna kuti akhudze mikisa yawo. Anasiya ntchito imene anabadwira, ndipo zaka zisanu ndi zinayi wakhala akukonza mafoni pa kawindo ka mumsika.

Izi ndi zimene a Giya anaona ali pamwamba pa lole. Makutu a malemu anali atayamba kufa, ndipo oyamba kuthawa anali mawu osongoka aja. Anthu sankadziwa, chifukwa kampango ka mayi kankawamvera. Tsiku limenelo mayi anali chigonere ndi malungo. Popanda kampango, msuweni wanga anaganiza kuti anthu sakumva, pomwe wosamva anali iye. Anatuma mwana kuti akaone masipika a kumbuyo, iwo n'kulowetsa nambala, n'kukweza malire. Mwana pobwera anamva fungo la kupsa, anayang'ana kabokosi, anayang'ana bambo ake, ndipo anazindikira zonse. Anadziwa kuti zikamveka kuti a Wanithu agontha, ntchito yawo yathera pomwepo, ndipo munthu uyu kumuchotsa pa mawaya kunali kumuika m'manda ali moyo. Mwanayo anaopseza a Giya kuti, "Ankolo, mukangoyasamula, matayala onse ndiphwetsa." A Giya anasunga pakamwa, kaya chifukwa cha chikondi kaya cha matayala.

Malemu nawonso anakhala chete. Apa sindiwaikira kumbuyo, ngakhale ndi msuweni wanga ndipo ndinkawakonda kuposa nsapato zanga zoyendera. Munthu amene anatha moyo wake wonse kukuza mawu a anzake analephera kutulutsa akeake.

Anayamba kudwala mtima mu Malichi chaka chino, miyendo n'kumatupa, ndipo anagonekedwa m'chipatala pa 3 Okutobala. Apo makutu anali atatsekeratu. Nditamva za a Giya ndinalowa m'wodi, n'kulemba papepala kuti, malipenga aja anaotcha ndani? Anawerenga, kenaka anayankha mokuwa monga amachitira osamva, wodi yonse n'kutembenuka: "Ndine! Iwe msuweni, pakamwa pako sipanatsekepo chibadwire, lero pagwire ntchito. Ukanene pa maliro anga, ndipo ukanenere pa maiki!" Anatisiya Lachiwiri pa 5 Novembala 2024, ali ndi zaka 69.

Ndiye ndanena, ndipo ndanenera pa maiki. Eni maholo, a mabandi, akulu a mipingo, ndakuonani mwakhala apo. Dzina lija la Kaotcha likalowe m'manda limodzi ndi bokosili. Mawu mukumvawa wakonza ndi iyeyo, uyo waima pa mikisa kuseri kwa tenti. Wayeza bwaloli ndi mapazi m'mawa uno. Inu a kumpanda uko, mukundimva kamodzi kapena kawiri? Kamodzi? Zikomo. Mayi, lero lokha takukhazikani kutsogolo, kampango kagwire ntchito ya misozi.

Malemu asiya mayi a kunyumba, ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo mmodzi, ndi ine wosowa pokhala, amene ndataya khonde lofikirapo. Banja likuthokoza anamwino a m'wodi ija chifukwa chopirira kukuwa, anansi amene akhala nafe masiku atatuwa, anzawo a ntchito amene abwereketsa masipika osafunsidwa, ndi a Giya, amene lero anyamula bwana wawo ulendo womaliza.

Msuweni, chimphona chazima choyamba monga mwa lamulo lanu, nzeru mwasiya zikuyaka. Usani mumtendere kumene kulibe tswii.

Ndisanakhale pansi, pali chimodzi chimene sitikugwirizana ndi a Giya. Tsiku lomaliza mwana uja anawerama pa bedi n'kunena kuti, "Ababa, ndinakukhululukirani tsiku lomwe lija." A Giya akuti malemu sanamve, poti makutu anali atafa ndipo maso anali otseka, ndiye akuti apita osadziwa. Mwina ndi zoona, ine si dokotala. Koma ndinali kumiyendo kwa bedi, ndipo ndinaona pamene panali dzanja lawo. Chikhatho chinali pamsana pa mwanayo, chitakhazikika monga ankachiikira pa sipika, ndipo sichinachoke mpaka atamaliza kulankhula. A Giya akuti sanamve. Ine ndikukayika.