A Ndathokoza, Ochapa Zofunda za Odwala

Malemu amene tikuwaperekeza lero ambirife timawadziwa ndi dzina loti a Ndathokoza. Dzina lawo la ubatizo lilipo, koma mukanafunsa nalo kuchipatala kapena kutchalitchi, anthu akanangokuyang'anani ngati mwasochera. Anabadwa m'chaka cha 1951 m'nyumba za antchito a njanji, kuseri kwa siteshoni, ndipo anali achiwiri m'banja la ana atatu.

Sukulu anayamba bwino, koma anailekeza ali sitandade 6 bambo awo atamwalira, banja litatulutsidwa m'nyumba ya kampani. Anakakhala kwa azakhali awo, kumene anaphunzira kuchapa ndi kusita zovala za eni.

Mu 1972 anakwatiwa ndi dalaivala wa malole. Banja linali lokoma koma silinakhalitse, poti bambowo anamwalira pangozi ya pamsewu malemu ali oyembekezera. Mwana anabadwa masiku asanakwane, m'chipatala chakutali kumene kunalibe wachibale ndi mmodzi yemwe, ndipo anapita asanapatsidwe dzina. Anamwino atawapatsa kamtemboko, malemu analibe chokulungira, chifukwa nsalu yokhayo imene anali nayo ndi imene anavala. Anakhala pabenchi la pakhonde, mwana ali m'manja, mutu utaima. Mayi wina amene ankadikira wodwala wake anavula shawelo yake yatsopano, n'kukulunga mwanayo, n'kuwagwira paphewa, kenako n'kubwerera m'wodi. Atachoka kumanda, malemu anakamufunafuna mayiyo wodi ndi wodi, koma anali atachoka kale.

Nkhaniyi anaifotokoza kamodzi kokha, kwa mng'ono wawo, patapita zaka zambiri. Anati, "Zikomo wanga anasowa mwini wake, ndiye ndimangogawira aliyense amene ndakumana naye."

Mu 1975 analembedwa ntchito kochapira zofunda pachipatala cha m'tauni muno, m'chipinda chanthunzi chimene mankhwala ochapira anawasupula manja mpaka mphete inasiya kulowa. Kumeneko ndi kumene dzina lija linachokera. Akapatsidwa mulu wa mashiti, ndathokoza. Akakalipiridwa ndi akuluakulu, ndathokoza. Anzawo ankawaseka kuti tsiku lina adzathokoza ndi galimoto yowawaza matope.

Mashiti ong'ambika oti atayidwe ankawapempha. Ankakadula pabwino pake, n'kusoka m'mphepete, n'kupanga tinsalu ta makanda. Akaona mayi amene wabwera kudzachira ali manjamanja, ankadikira apite kubafa, n'kusiya kansalu pansi pa pilo. Tsiku lina mayi wina atapeza kake anagwada n'kuthokoza namwino, misozi ili mbwembwembwe. Malemu anali pomwepo akukankha ngolo ya zochapa, ndipo anangodutsa. Nthawi yopuma masana sankadya ndi anzawo. Ankakakhala pafupi ndi odwala opanda owadikira, kuwamwetsa madzi ndi kuwawenga zikhadabo. Odwalawo akachira ankapita, ndipo akakumana pamsewu ambiri sankawazindikira popanda yunifolomu.

Kutchalitchi malo awo anali benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Udindo sanakhalepo nawo, ndipo kwaya anaikana okha, amvekere mawu awo angathamangitse ndi angelo omwe. Koma mikanjo ya kwayayo ndi nsalu za paguwa ankachapa ndi iwo. Loweruka ankabwera kudzatenga tchalitchi chili zii, Lamulungu tinkangopeza zonse zili mbee. Ambiri aife tinadziwa mochedwa kuti sizinkachapidwa ndi mlonda.

Atapuma pantchito mu 2011, anakakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo yogulitsa zitsulo. Munali bedi, katebulo, wailesi ndi makina osokera opukusa ndi dzanja. Sanakwatiwenso. Alongo awo anali atatsogola kale, ndipo mng'ono wawo anakwatiwa kutali, ulendo wa basi wogona m'njira. Mwini sitolo akuti nthawi ya tiyi malemu ankaika makapu awiri patebulo, kuti wina akagogoda asadikire. Masiku ambiri kapu yachiwiriyo inkabwerera pashelefu ili youma.

Chaka chatha miyendo inayamba kutupa, kupuma n'kumavuta, koma sanauze munthu. Mwezi watha mwini sitolo ataona kuti dzuwa lakwera chitseko chili chitsekere, anagogoda, n'kuwapeza atagwa pafupi ndi bedi. Anawatengera kuchipatala chomwe anagwirako ntchito chija, koma anamwino a masiku ano sankawadziwa. Dandaulo lawo linali limodzi, loti ochapa a lero sasita mashiti m'makona. Zipatso zimene mwini sitolo ankabweretsa zinkathera pabedi loyandikana, pamene panagona mayi wina wosaona.

Anatisiya Lachiwiri masana, nthawi yoona odwala, wodi itadzaza ndi alendo a anthu ena. Mng'ono wawo anali m'basi, akubwera.

Asiya mng'ono wawo, ana atatu a mng'ono wawoyo amene ankawatchula kuti amayi aakulu, ndi alamu awo okalamba amene alephera kufika chifukwa cha miyendo. Achibale ndi omwewa basi, akwana pabenchi limodzi.

Manja awo agwira ntchito mokwanira. Ambuye awalandire, ndipo apumule mu mtendere.